Tambala Anali Wathu

Ntaja,
Lolemba masana

Maliyamu mwana wanga,

Wapita kukatsanzika kwa amalume ako, amayi ako ali kuchigayo kukagayitsa ufa woti unyamule, ndiye ine ndatsala ndekha m'chisakasa muno. Ndakankha utuchi pa benchi, ndayala pepala. Umandidziwa, pakamwa sindiperewera. Ndimatha kukangana ndi ocheka matabwa kuyambira m'mawa mpaka mwalimu wa kumzikiti ataitana swala ya masana, osamwa ndi madzi omwe. Koma ilipo nkhani imodzi imene iwe ndi ine takhala tikuizemba zaka zonsezi, ndipo ndikati ndiiyambe ndimangokhotera ku nkhani zina. Lero ndiilemba. Usawerengere m'basi, anthu amasuzumira. Ukafika uwerenge uli wekha, ukamaliza uponye pamoto. Dziko lathu ukulidziwa.

Amayi ako mawu sagona nawo. Andiuza zimene unawanong'oneza kumtondo. Akuti ku Blantyre upita, inde, poti aphunzitsi ako anavutika kutumiza zojambula zako za pensulo mpaka a sukulu ya zaumisiri anakuitana. Koma akuti ukangofika ukapempha kuti akuchotse m'kalasi ya opanga katundu wa m'nyumba, akakuike kwa otayipa, chifukwa wamva kuti kwa opanga katunduko kuli utoto. Akuti walumbira kuti burashi sudzaigwiranso mpaka kumanda. Iyayi, Maliyamu. Iyayi, mayi wanga. Otayipa sindikuwanyoza, nawonso amadya thukuta lawo. Koma iwe si kuti wakonda kutayipa. Ukuthawa utoto, ndipo chimene ukuuthawira ndikuchidziwa. Ndilole ndifikeko pang'onopang'ono. Ine ndine kalipentala, sindikhoma msomali thabwa ndisanalipale.

Nditangobwera kuno kuchokera kwathu kwa Nsamala kudzakhala pachikamwini, ndinali ndi matama a mnyamata wophunzira ntchito kumishoni. Ndinkaona ngati anthu a ku Ntaja sanaonepo mpando chibadwire. Ndinati ndiwadabwitse apongozi anga, amayi awo a amayi ako. Ndinatenga mlombwa wabwino n'kupanga chimpando chachitali, cha manja uku ndi uku, chotsamira kumsana, chofanana ndi chimene ankakhalapo abambo mfumu kwathu. Ndinachipala, ndinachipaka vanishi, chinkangoti waliwali. Ndinachitumiza kudzera mwa amayi ako, poti mkamwini sayandikira apongozi ake. Anathokoza. Koma ndikamadutsa chapatali ndinkaona apongozi ali pansi pa mkeka, chimpando chili chokha pakona pa khonde. Posakhalitsa nkhuku inayamba kuikirapo mazira. Ndinapsa mtima, ndinati anthu akuno ndi osayamika. Amayi ako anaseka mpaka misozi. Anati, “Inu, amayi akuti ndikufunseni ngati iwo asanduka bwanamkubwa wa ku boma. Akhale pamwamba apo, miyendo ili lendee, alendo aamuna atakhala pansi? Nanga mpunga azipetera kumwambako?” Safunsa anadya phula, mwana wanga. Kuwafunsa apongozi sindikanatha, mwambo sulola, ndiye ndinayamba kuba ndi maso. Ndinkakhala patali ngati ndikunola tchizulo, n'kumaona mmene amakhalira akamapeta, mmene amatambasulira mwendo umodzi, mmene amagwirira pansi podzuka chifukwa cha msana. Ndinapanga kampando kakafupi, kosafika ndi m'mawondo momwe, kolowa pang'ono pakati, kopepuka koti n'kunyamula ndi dzanja limodzi lina lili ndi lichero. Anakakhalira mpaka kanada, ndipo atamwalira azimayi anakalimbirana.

Kusukuluko akakupatsa rula, akakuphunzitsa kuyeza. Ukayeze ndithu, wosayeza amawononga matabwa. Koma uyambe wayang'ana munthu amene chinthucho chikakhale naye. Amadzuka bwanji, amagwira ndi dzanja liti, pakhomo pake amalowapo ndani, amachita manyazi ndi chiyani. Ukamapanga kapu, uganizire mlomo wa mwana ndi wa nkhalamba yopanda mano. Ukamapanga ndowa, uganizire mutu wa mayi wochokera kudambo. Yang'ana munthu kaye, Maliyamu, pepala pambuyo.

Za chitseko cha a shehe unazimva kwa anthu, koma lero uzimve kwa mwini wake. A shehe a mzikiti wa kumsikawu atamanga nyumba yawo ya njerwa zowotcha anandiitana ine, Mkatolika, mlendo m'mudzi, kuti ndiwapangire chitseko. Unali ulemu waukulu, ndipo ndinayenda sabata yonse mapewa ali m'mwamba. Ndinapanga cha mapanelo anayi, monga anandiphunzitsira kumishoni: thabwa limodzi loimirira pakati, lina lopingasa chakumtunda. Chinalowana bwino zedi, ngakhale tsitsi silikanadutsa m'molumikizamo. Nditachitula, a shehe anachisisita n'kuyamikira m'Chiyao kuti, “Chambone, chambone, manja muli nawo.” Kenaka anabwerera m'mbuyo, anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuti mofatsa, “Koma Che Simoni, mwandibweretsera tchalitchi pakhomo.” Ndinati, “Tchalitchi chiti, a shehe?” Anandigwira paphewa n'kundiimika pamene anaima iwo. Mayo ine! Mtanda. Waukulu bwino, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ine amene ndimadzilemba chizindikiro cha mtanda m'mawa uliwonse, ndinaupala ndi manja anga, ndinaukhoma, ndinausenza pamutu kudutsa nawo pamsika, osauona. Ndinkangoona mapanelo anayi olingana bwino. A shehe aja anali munthu. Anaseka, anandimwetsa tiyi, ine n'kukawonjezera thabwa lina lopingasa, mtanda n'kuzimirira. Chitsekocho chilipo mpaka lero, umachidutsa ukamapita kukagula sopo.

Wamva bwino pamenepa? Wopanga chinthu amaima pafupi kwambiri, n'chifukwa chake amakhala womaliza kuona chimene wapanga. Mumtima mwanga munalibe chipongwe ngakhale pang'ono, koma chitseko chinkalankhula zake ine ndili chete. Chinthu chikachoka m'manja mwako sukhala ulipo kuti uchiyankhulire. Uzibwerera m'mbuyo, ukaime pamene adzaime mwini wake. Ndipo ugwire ichi, ndichifuna kutsogoloku: munthu wamkulu, wa ndevu, wodziwa ntchito yake, akhoza kupanga chizindikiro chachikulu ngati chitseko osachiona.

Kabedi ka mwana wa Abiti Saidi uyenera kuti ukukakumbukira, unali utangoyamba sukulu. Amuna awo ankagwira ntchito ku njanji ku Balaka, ndiye anaona kumeneko mabedi a makanda okhala ndi masikito, nawonso n'kufuna. Mwana wawo woyamba anali atamwalira ndi malungo, wachiwiri ali m'njira. Ndinati ndiwapangire chinthu choti udzudzu usalowe ngakhale umodzi. Ndinapinda timatabwa topyapyala pamwamba pake ngati nthiti, pogonekapo masikito, n'kupaka utoto woyera, poti ndinkati kuyera ndi ukhondo, kuchipatala zonse n'zoyera. Nditafika nako pakhomo, Abiti Saidi anatuluka akumwetulira, pathupi pali patsogolo. Atangokaona anakhala pansi pa dothi n'kuyamba kulira mokuwa, manja ali kumutu. Amuna awo anandikokera pambali n'kundinong'oneza mawu amodzi: “Jeneza.” Ukudziwa iwe, mwana wa amayi ako, kuti chonyamulira maliro cha Asilamu chili ndi nthiti zotero pamwamba, zofundikapo nsalu, ndipo kuyera kotero ndi kwa sanda yokulungira wakufa. Mayi woyembekezera, woti anaika kale mwana m'manda, ine ndinamutengera maliro pakhomo. Ndinabwerera nako ndili mutu pansi, mtima ukundiuza kuti ndikawaze nkhuni.

Iwe unali panja apa, pamene pali mwala wonolerawu, ukudya chinangwa. Unakayang'ana kabediko mutu utapendeka, n'kunena kuti, “Bambo, chotsani nthitizo, muike timitengo toimirira m'makona. Ndiye mupake mtundu wa papaya lakupsa.” Ndinati, “Iwe kachinangwa, wakuphunzitsa ndani?” Unati, “Munthu akaona papaya salira.” Tinatenga chivindikiro cha chitini, ine ndikuthira wachikasu ndi wofiira, iwe ukulamula ngati kapitawo: “Onjezerani. Onjezeraninso. Basi, mwapyoza, bwezerani wachikasu!” Utauma, ndinakupatsa burashi yaing'ono, unajambula tinsomba m'mbali monse, tikutsatana. Abiti Saidi atakaonanso anagwira pakamwa, kenaka anawerenga tinsombato ndi chala. Mwana uja anagonamo, ang'ono ake onse anagonamo. Tsiku limenelo ndinawauza amayi ako kuti mwana uyu ali ndi diso limene ine ndilibe. Ine ndimadziwa thabwa, koma mtundu sindinaudziwepo monga unkaudziwira iwe usanathe ndi kuwerenga komwe. Kuyambira pamenepo zonse zotuluka m'chisakasa muno unkapaka ndiwe, ndipo anthu anayamba kuchokera ku Nselema kudzafuna matebulo a “mwana wa Che Simoni”. Ndinkachita ngati zikundinyansa, koma ndinkanyada mpaka kulephera kudya.

Tsopano tafika. Ngati waimirira, khala pansi.

Mayi uja wa tiyirumu ya pa siteji ya basi anaitanitsa timipando ta makasitomala ake. Iwe unali mu Sitandade 5. Unapempha kuti ujambule pokhalira pake, kampando kalikonse ndi chithunzi chake, ndipo ine ndinalola. Pena unajambula nkhanga, pena mlamba wa ku nyanja ya Chiuta, pena bakha. Pa komaliza unasowa chojambula, ndiye unayang'ana pabwalo, n'kuona tambala wathu. Wathuwathu, Maliyamu, uja ankaba mpunga m'lichero la amayi ako, amene unkamuthamangitsa ndi chitsononkho tsiku ndi tsiku. Anali wakuda poti anabadwa wakuda. Unakhala naye masana onse ukumuyang'ana. Ndikukumbukira unatapa wobiriwira pang'ono n'kusakaniza mu wakuda, ine n'kukukalipira kuti ukuwononga utoto. Unandiyankha kuti, “Kuda kwa nthenga si kuda kwa makala, bambo. Tamuonani kumchira.” Ndinamuona kumchira, ndipo kunalidi kubiriwira kumene ndinali ndisanakuonepo moyo wanga wonse. Unamujambula mwendo umodzi uli m'mwamba, lipombo lili psuu, diso lili pa lichero. Ndinaitana amayi ako. Ndinaitana amalume ako. Ndinaitana ndi oyandikana nafe omwe kuti adzaone. Mayi wa tiyirumu anaomba m'manja. Tonsefe tinali akuluakulu, tonsefe tinali ndi makhadi a chipani m'matumba, tonsefe tinkaimba za tambala wakuda pamisonkhano. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaona. Tinkangoona wakuba mpunga wa pakhomo pathu. Timipandoto ndinakatula ndekha, pa wilibala.

Anthu anakhalira timipandoto bwinobwino, akumwa tiyi wawo, mpaka tsiku lina la msika pamene anyamata a malaya ofiira ankayendera makhadi. Mmodzi analowa mu tiyirumu nthawi imene wogulitsa nsomba wina ankadzuka pa kampando kaja. Anayang'ana pamene munthuyo wadzukapo, n'kukuwa kuti, “Mukukhalira tambala wakuda? Ndi matako?” Zotsatira zake unaziona ndi maso ako. Anabwera kuno gulu, kampando kali m'mwamba, akuimba. Iwe unali kuseri kwa mulu wa matabwa uko, zala zili ndi utoto wa ntchito ina. Amayi ako anakugwira manja onse awiri n'kuwakulunga m'chitenje chawo, ngati akukupukuta. Wamkulu wawo anafunsa kuti wajambula ndani. Ndinati ndine.

Ndipo lero atabweranso ndinganene chimodzimodzi. Usaganize kuti ndinanama pofuna kukuchitira chifundo. Chisakasa ndi changa, kampando ndinapala ndine, burashi ndinakupatsa ndine, ndipo diso lomaliza chinthu chisanatuluke pakhomo limayenera kukhala langa. Mwana wa Sitandade 5 anajambula nkhuku ya amayi ake, n'kuijambula bwino. Palibe mlandu pamenepo. Ngati a Simoni a ndevu analephera kuona mtanda pa chitseko, iwe ukanaona bwanji chipani pa tambala wakuba mpunga? Werenganso mawu amenewa. Mphini yobwereza ndiyo imawala, ndiye ndikubwereza: tambala anali wathu, ndipo iwe sunandimangitse.

Za kumene ananditengera sindilemba. Ndinakusiya uli kamtsikana ka mapazi a fumbi, ndinakupeza uli namwali wa ku sekondale. Tsiku limene ndinabwera unagwada patali, unandipatsa moni ngati mlendo wodzagula chitseko, maso ali pansi. Ndinadikira kuti udzutse mutu, sunadzutse. Nditalowa muno ndinapeza zitini zonse zitauma, zitachita dzimbiri. Amayi ako anandiuza kuti galimoto imene inanditenga isanazimirire ndi fumbi lomwe, iwe unatola maburashi onse n'kukawaponya m'chimbudzi. Akuti kusukulu aphunzitsi akabweretsa makrayoni unkati mutu ukukupweteka. Chibwerereni umandiphikira, umandichapira, umandithirira madzi osamba, koma m'maso sundiyang'ana. Ukamva ndikutsokomola umatuluka panja. Zimandipweteka, Maliyamu. Ndikunena mosabisa, zimandipweteka kuposa zonse zimene anandichita kumene kuja. Iwo anandilanda zaka, koma ndinkadziwa kuti ndi adani. Ndabwera kwathu n'kupeza kuti anandilandanso mwana amene ankandilamula kuti, “Onjezerani, basi, mwapyoza.”

Ndikuuze chinthu chimodzi chokha cha kumeneko, poti ndi chako. Kunalibe mtundu uliwonse. Khoma, zovala, bulangete, chakudya, nkhope za anthu, zonse zinali ngati phulusa. Anzanga ankadzisunga ndi nkhani. Wina ankafotokoza za nyama ya mbuzi mpaka tonse malovu chuchuchu, wina za mkazi wake, wina ankangopemphera. Ine ndikatseka maso ndinkaona kampando kaja. Ndinkayamba ndi lipombo, kutsikira m'khosi, nthenga imodziimodzi, mpaka kufika pa kubiriwira kwa kumchira kuja. Ndikafika pamenepo ndinkayambiranso. Mphunzitsi wina wachikulire amene tinkagona moyandikana anandifunsa kuti, “A kalipentala, mukumwetulira chiyani muno?” Ndinati, “Ndikuyang'ana ntchito ya mwana wanga.” Anati, “Yang'anitsitsani, musaphethire.” Iyeyo sanatuluke. Ambiri amene analibe choyang'ana mitu inawasokonekera. Iwe ukuganiza kuti chithunzi chako chinandipititsa kumeneko. Ine ndikudziwa kuti ndi chimene chinandibweza ndili ndi nzeru zanga. Pa zonse zimene zinatulukapo m'chisakasa muno, zitseko, mabedi, makabati, palibe chinaposa kampando kaja.

Usandimve molakwa. Sindikukutuma kukachita zamatama. Mbalame imeneyo usadzaijambulenso, pa pepala, pa nsalu, ngakhale pa dothi ndi chala. Ku Blantyre makutu ndi ambiri kuposa kuno, ndipo mnzako wodya naye mbale imodzi sudziwa kumene amakagona mawu ako. Amayi ako analira kokwanira. Koma kusamala ndi kwina, kudzidula manja ndi kwina. Chimene tinaphonya tonse tsiku lija n'chaching'ono, ndipo ndachiganizira kwa nthawi yaitali. Sitinadzifunse kuti chinthuchi chidzakhudzana ndi mbali iti ya thupi la munthu. Tambala yemweyo akanakhala pa thabwa lopachika pakhoma, anyamata omwewo akanaomba m'manja, mwina akanaligula n'kukapachika ku ofesi yawo. Tinamuika pokhalira. Ndiye chilichonse chimene ukapange uzidzifunsa: ichi adzachiponda, adzachikhalira, adzachiika pakamwa, adzachisenza pamutu? Chithunzi cha ulemu sichikhala pa chopondera, dzina la Mulungu silikhala pa chopukutira m'manja.

Mitundunso ili ndi eni ake, ndipo eni akewo sagwirizana. Woyera kwathu kwa Nsamala ndi wa mkwatibwi ndi wa ubatizo, kuno wakumbutsa mayi sanda. Wobiriwira kwa ine ndi chimanga cha mu Januwale, kwa amalume ako ndi wa ku mzikiti, sangalole kuupondaponda. Wofiira ena amauona n'kukumbuka ukwati, ife a m'nyumba ino tikauona pa malaya mtima umagunda. Aphunzitsi ako akakuuza kuti mtundu wakuti umatanthauza chakuti, monga zalembedwera m'mabuku a kunja. Ulembe, ukhoze mayeso. Koma chinthu chisanachoke m'manja mwako, kachionetse kwa munthu wosafanana nawe. Mayi wosesa m'kalasi, mlonda wa pageti, Msilamu, Mkhristu, wa kumpoto, wa kumudzi. Usawafunse kuti, “Chakongola?” Adzakunamiza, Amalawi sitikhumudwitsa munthu pamaso. Uwafunse kuti, “Mukuonapo chiyani apa?” Ukatero utseke pakamwa, udikire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wina akangoti, “Aaa, chikukhala ngati…” utchere khutu, chifukwa pamenepo ndiye pali a shehe ako. Ine ndikanakafunsa munthu mmodzi yekha wa kutali ndi mpanda uno, bwenzi nkhani ili ina. Tinafunsana tokhatokha, anthu odziwa tambalayo ndi dzina.

Za anyamata a m'tauni amayi ako akuuza kale, ndipo mmene ndinawamvera kuseri kwa nyumba, palibe chotsala choti ine ndiwonjezere. Uzidya. Umakonda kuiwala kudya ukagwira pensulo. Ena m'kalasimo akhala ana a mabwana, oti anakulira m'nyumba za magalasi, ndipo mwina akakuseka kalankhulidwe. Asiye aseke. Iwe wakulira pa utuchi, ukudziwa fungo la mlombwa ndi la mbawa utatseka maso, ukudziwa kuti mwendo wa tebulo umayamba kugwedera pati. Koma usakadzitame monga ndinachitira ine ndi chimpando chija. Chimene sukuchidziwa ufunse, ngakhale kwa wamng'ono kwa iwe. Aphunzitsi akakung'ambira pepala, tola lina.

Chatsala chimodzi, ndipo amayi ako ndinawaletsa kukuuza. Chibwerereni kumdima kuja maso anga sali bwino. Mwezi watha sindinapite ku boma kukagula misomali monga ndinanenera, ndinapita kuchipatala. Adokotala anandiunika n'kunena kuti mtambo umene uli m'masowu ukukula, ndipo sabisa, akuti sudzabwerera m'mbuyo. Masiku ano ndimapala ndi zala, ndimamva ndi chikhatho pamene thabwa lakwera. Kalatayi ndikulemba mphuno ili pa pepala. Muno m'chisakasa zonse zayamba kubwerera ku phulusa lija. Koma chinthu chikakhala padzuwa, pafupi, wofiira ndi wachikasu ndimawasiyanitsabe. Sindikudziwa kuti mpaka liti. Sindikukuuza izi kuti utsale. Ukatsala ndiye wandipha kawiri.

Mawa pa siteji amalume ako abwera ndi bokosi loti uikemo katundu wako. Ndakhala ndikulipangira kwawo kuti usalione. Ndi la mbawa, m'makona ndalumikiza ndi mano, mulibe msomali, lidzakusunga mpaka ukalamba. Koma ndi losapaka. Amayi ako akangana nane, akuti anthu m'basi akaseka, mwana wa kalipentala kunyamula bokosi lamaliseche ngati la tomato. Akuti ndingolipaka vanishi basi. Ndakana. M'kati mwake, pansi pa bulangete lako, mupezeka tizitini timene ndinakagula ku Balaka, ndi burashi ziwiri, yaikulu ndi yaing'ono. Muli wofiira, wachikasu, wobiriwira, woyera. Wakuda ulimonso. Ndinaima nthawi yaitali m'sitolo ndisanautchule, mwenye mpaka anandifunsa ngati ndadwala, koma ndinaugula, chifukwa nkhanga siijambulika popanda wakuda.

Choti ujambulepo sindikuuza, sindinakuuzepo ndi kale lomwe. Ngati pambuyo pake udzafunebe kupita kwa otayipa, udzapite, sindidzakufunsa. Koma uyambe watsegula chitini chimodzi. Pa holide yoyamba ubwere nalo bokosilo, usadikire ya Khirisimasi ngati ilipo ina pafupi. Udzandipeza pa mwala wonolera, kunja, poti muno sindidzaona kanthu. Ukadzafika usadzagwade patali. Udzalitule padzuwa, pafupi ndi mawondo anga, ndipo udzandipatse nthawi.

Yenda bwino, mayi wanga. Mulungu wa amayi ako ndi wanga, amene ndi mmodzi yemweyo, akutsogolere.

Ndine bambo ako,
Simoni